Kabati ya bambo Mkandawire

Bambo Davie Mkandawire anasunga labu ya sekondale yathu ku Mzilawaingwe zaka khumi ndi zinayi, osaswetsa ngakhale kabotolo. Ankadzichemerera nazo okha, ndi pamaliro pomwe.

Atangoyamba ntchito, bungwe lina linapatsa sukulu mamaikulosikopu khumi ndi awiri, oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Iwo anawakulunga m'mapepala apulasitiki n'kuwatsekera m'kabati ya pakona, kukhoma lomwe limanyowa mvula ikagwa. Makiyi ankayenda nawo palamba. Khumbo lawo linali limodzi: tsiku lopuma ntchito adzapereke zida zonse zili zamphumphu.

Ine ndimaphunzitsa Bayoloje. Teremu iliyonse ndinkakapempha kuti ana a Fomu 4 aoneko maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta khungu la anyezi, mayeso asanafike.

"Madamu, ana awa manja awo ngoterera chomene," ankatero. "Jambulani pabolodi, inu mumajambula bwino."

Ndinkapsa mtima, koma munthu wolawirira kuntchito, wosabapo ngakhale choko, ukamudandaula kwa ndani? Chaka china kunabwera wofufuza wa kuyunivesite, kudzaona zipangizo zophunzitsira sayansi. Anam'tsegulira kabati, iye n'kusuzumira, n'kulemba kuti sukulu yathu ili ndi zokwanira. Thandizo linapita kusukulu zina. A Mkandawire anasangalala sabata yathunthu.

Mwezi watha linafika tsiku lawo. Anavala suti, anaitana ahedi ndi ife a sayansi, n'kundandalika zidazo patebulo. Ndinavundukula choyamba n'kusuzumiramo. Ndinaona timizere toyera ngati ulusi wa kangaude, pomwe pansi ndinali ndisanaike kanthu. Chinyezi chinali chitabala chuku m'magalasi. Chachiwiri chimodzimodzi, mpaka chomaliza.

"Taonani nokha, adada," ndinatero.

A Mkandawire anawerama n'kutsinzina diso limodzi. Aka kanali koyamba pa moyo wawo kuyang'ana m'chida chotere, ndipo anakhalitsa.

"Ndiye maselo mumanena aja ndi amenewa?"

Ukali wanga wonse unathera pomwepo, ndinangowamvera chisoni. Komabe ndinawauza zoona: ndi chuku, chadya magalasi, palibe chida chomwe chingagwirenso ntchito.

Anaweramuka pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Madamu, ana amene alemba mayeso osayang'anamo ndi angati?"

"Onse, adada."