Rivesi ya a Delbert

A Delbert Hruska ndinawadziwa chifukwa cha denga. Ndinali nditangolowa kumene m'gulu lathu la eni makalavani, chaka chimene amuna anga anamwalira, ndipo ndisanamasule n'komwe kalavani yanga kugalimoto ndinangoona bambo wamtali wa chipewa chobiriwira ali kale pamakwerero, mphuno ili padenga langa.

"Mayi, denga ili munalimata liti?"

"Moni kaye, bambo," ndinatero.

"Moni tipatsana bwino lino. Apa pang'ambika. Mwezi uno usanathe muzigona ndi ambulera."

Ndinakwiya, kunena zoona. Koma denga linali litang'ambikadi, ndipo chonyansa pa a Delbert n'chimenecho: amalowerera za eni, komanso salakwitsa.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu m'sitolo ya misomali ndi mapaipi m'katauni kena kuno ku Missouri. Atapuma pantchito anasowa womuuza zochita, ndiye anapeza gulu lathuli. Tilipo mabanja makumi awiri. Timakumana kamodzi pamwezi, Lachisanu mpaka Lamlungu, kuyambira Epulo mpaka kukayamba kuzizira, ndipo masiku enawo timalankhulana pagulu la pafoni. Ndati timalankhulana, koma wolankhula ndi mmodzi. Pimani mpweya wa matayala kusanatenthe. Thanki ya chimbudzi musaisiye chitsegulire, idzaze kaye, apo ayi mudzaitokosa ndi ndodo. Chinsalu cha pakhonde pindani musanachoke, kaya kumwamba kwayera bwanji. Kawailesi ka zanyengo amayenda nako m'thumba la malaya, kutchalitchi komwe, moti mtambo ukangoda ku Kansas, dera loyandikana nafe, ife timadziwa eni ake a ku Kansas asanadziwe.

Koma phunziro lawo lalikulu linali rivesi. Kalavani ndi chinthu chamwano. Ukapotoza chiwongolero uku, iyo imalowera uko, ukati ukonze, imapindika n'kubwera kudzakusuzumira pawindo. Ndiye ife tili ndi kakhalidwe koipa. Lachisanu masana, amene wafika kale amatulutsa mpando wopinda, khofi m'manja, n'kukhala moyang'ana msewu kuonerera anzake akulowetsa makalavani m'malo awo. Mwamuna pachiwongolero thukuta lili kamukamu, mkazi kumbuyo akukupiza manja, onse awiri akukalipa. Pali mabanja amene ndawaonapo akudya chakudya chamadzulo atafulatirana chifukwa cha rivesi basi.

Mpando wa a Delbert unkakhala kutsogolo, koma sankaukhalira. Munthu akangoyamba kubwerera m'mbuyo, iwo ali kale pawindo lake.

"Dzanja pansi pa chiwongolero, achimwene! Kumene kwapita dzanja n'kumene upite mchira. Pang'onopang'ono, sakukuthamangitsani!"

Mpaka analemba malamulo asanu ndi atatu pakapepala n'kukakutira ndi pulasitiki, ndipo aliyense watsopano ankapatsidwa kake. Palibe ankawatsutsa, chifukwa kalavani yawo tinkaipeza itaima kale, yowongoka ngati ayezera ndi chingwe cha mmisiri. Iwo ndi akazi awo, a Ardith, ankafika Lachinayi, tonse tisanabwere. Ankati Lachisanu pamsewu pamachuluka zitsiru.

A Ardith ndi mayi wamfupi, wosachulutsa mawu, mwini keke ya mapichesi imene anthu amakanganirana pachakudya cha Loweruka. Chaka chathachi manja awo anayamba kunjenjemera. Pamsonkhano wa Meyi, Loweruka m'mawa, tinali awiri tikusenda mbatata pakhonde panga, ndipo mpeni unawapulumuka kawiri. Kachitatu anangousiya pansi.

"Adokotala andiletsa kuyendetsa," anatero.

"Pepani, mzanga. Komabe poti a Delbert alipo."

"Lavonne, ukaulula ndikupha. Del sanalowetsepo kalavani chibadwire."

Ndinkayesa nthabwala. Ayi ndithu. A Delbert anayesapo kamodzi, atangogula yoyamba, Colleen mwana wawo ali khanda. Anagwetsa mtengo wa mapeyala wa apongozi awo, n'kuphwanyanso kanyumba ka galu, galuyo kupulumukira mkamwa mwa imfa. Kuyambira tsiku limenelo a Delbert amayendetsa pamsewu, akafika pachipata amasinthana mipando. A Ardith anakulira pafamu, ankabweza ngolo za udzu ndi thirakitala ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Nanga malamulo aja?"

"Ndi anga. Ndimang'ung'udza ndekha ndikamabweza, iye amangolemba."

Ine ndinaseka mpaka mbatata kugubuduka. Koma a Ardith sanaseke. Colleen anali atanena mawu ake, osabweza: chilimwe chino Adadi aphunzire kulowetsa okha, apo ayi kalavani igulitsidwe, iye safuna kukatola makolo ake m'ngalande. A Delbert m'malo mophunzira anangozemba. Anasungitsa malo a kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, aja olowera uku n'kutulukira uko, osafuna rivesi.

"Akaigulitsa ndatha," anatero a Ardith. "Kunyumba ndine wodwala. Mapilisi, adokotala, anthu a kutchalitchi kubwera ndi nkhope zazitali. Kuno ndine Ardith wa keke."

Pamenepo kuseka kunandithera, ndipo ndinamva chisoni kwambiri.

Cha m'ma thu koloko masana omwewo kawailesi kaja kanayamba kulira m'thumba mwa a Delbert. Kumtunda kwagwa chimvula, mtsinje usefukira pasanathe maola awiri, onse a m'mbali mwa madzi asamuke. Ine ndinali pafupi ndipo ndinawaona nkhope. Ankadziwa bwino lomwe kuti malo onse a pachitunda ndi olowa chambuyo. Anaima kanthawi, dzanja lili pathumba. Akanatha kungokoka kalavani yawo n'kunyamuka ulendo wa kunyumba, n'kunamizira kuti mutu ukuwapweteka. Koma kusunga nkhani ya mkuntho m'mimba, a Delbert sangathe, ndipo kusiya anzawo kumadzi sangathenso. Uthenga unalowa m'mafoni mwathu wa zilembo zikuluzikulu zokhazokha, eni ake n'kuyamba kumenya zitseko.

"Tulukani! Pindani zinsalu! Zulani mawaya! Merle, siya soseji, madzi sadikira kuti ukhute!"

Makalavani a kumunsi analipo asanu ndi awiri. A Delbert anathandiza asanu ndi imodzi, akuthamanga uku ndi uku, kulondolera, kukalipa, kuika zopinga m'matayala, mwinanso kubwerera kukaona zimene aona kale. Ankangotaya nthawi, ine ndinadziwa. Koma anthu anatha, mvula inayamba kuwaza, ndipo panatsala malo amodzi, nambala folotini, pakati pa chimtengo chachikulu ndi mpopi wa madzi. Kalavani yotsala inalinso imodzi.

Kaya anayambitsa ndani. Ndinangoona anthu akulowa m'chisakasa chodyeramo, aliyense ndi mpando wake, kuyang'ana nambala folotini. Kutsogolo kunakhala a Merle Stuckey, bambo wonenepa amene kale ankakonza mafiriji, yemwe a Delbert akhala akumukalipira pa rivesi zaka khumi.

"Lero ndi lero," anatero a Merle akusisita manja. "Khalani chete, ana inu, tione aphunzitsi."

A Delbert anakweza kalavani pachitunda bwinobwino, kupita kutsogolo analibe nako vuto. Anaima. Anakonza galasi la kumanja. Anakonza la kumanzere. Anatsika kukachotsa kamwala kochepa ngati nyemba. Kenako anakwera n'kuika rivesi.

Ulendo woyamba mchira unalunjika mpopi. Anthu anangoti chete, kuganiza kuti mwina ndi njira yatsopano. Wachiwiri kalavani inapindika mpaka mutu wake unatsala pang'ono kugunda chitseko cha galimoto. Wachitatu inanyamuka mwaulemu wake, n'kudutsa malo ake, n'kukagwetsa bini ya zinyalala, mbale zamapepala mbwee pa udzu.

Wina anatsokomola. Wina anabisa nkhope m'chipewa. Ndiye a Merle anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki kaja.

"Lamulo lachitatu!" anawerenga mokweza. "Dzanja pansi pa chiwongolero, achimwene!"

Chisakasa chonse chinaphulika. Nanenso ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Amuna onse anadzuka nthawi imodzi, aliyense kubweza malangizo amene anapatsidwa. Uyu akuti kumanja, uyo akuti kumanzere, wina akuti aimirire ayambirenso, ndipo galimoto inkangogwedezeka pamodzimodzi, matayala akukumba matope.

Ndinapita kwa a Ardith, amene anaima pakona atafunda jekete la amuna awo. "Ndingoilowetsa ine," ndinanong'ona. "Mphindi imodzi yokha. Tinena kuti msana wawagwira."

"Ukaigwira iwe, yagulitsidwa," anatero.

Injini inazima. A Delbert anatsika n'kuima pamvula, n'kuvula chipewa chobiriwira chija, chimene ena tinkayesa anabadwa nacho. Dazi lawo ndinaliona tsiku limenelo.

"Anzanga," anatero, "ine sinditha. Sindinathepo. Zaka zonsezi amalowetsa ndi Ardith."



"Zaka khumi!" anakuwa a Merle. "Zaka khumi, Delbert, ukundinena kuti ndimabweza ngati ng'ombe yakhungu, pamaso pa mkazi wanga!"

"Umabwezadi choncho, Merle," anatero a Delbert motsitsa mawu. "Kungoti ine ndiye ndaposa."

A Ardith sanadikire kuti mlandu uthe. Anayenda pamatope pang'onopang'ono, n'kutsegula chitseko cha mbali inayo, n'kukwera movutikira.

"Lowa, Del. Kweza mawindo. Amenewa usawamvere, theka la iwo anaphunzira kwa iwe."

Zimene analankhulana m'katimo palibe anamva. Tinkangoona chala cha a Ardith, chikunjenjemera, chikuloza uku, kenako uko, kenako dzanja lonse kumenya phewa la amuna awo. Galimoto imayenda pang'ono, n'kuima. Kutsogolo pang'ono, n'kubwereranso. Nthawi ina tinaona a Delbert atsegula pakamwa kuti atsutse, chala chija n'kuwaloza pamphuno, pakamwa n'kutsekeka. Kumunsi madzi anali atafika kale pamene panali matebulo. Palibe ankayang'ana madzi. A Merle, amene ankakalipa aja, anali atagwada pamatope pafupi ndi chimtengo, akuyeza mpata ndi zikhatho, pakamwa pakuyenda ngati akupemphera.

Inalowa. Inatenga mphindi makumi awiri, koma inalowa. Ndipo abale, chiyambireni kukoka kalavani sindinaonepo yoima moipa chotero. Mchira unatsala zala zitatu kuti ukhudze mtengo, tayala limodzi linali pa udzu, mutu unaloza kubafa, ndipo chitseko ukatsegula umatsikira m'tchire. Tinaomba m'manja ngati alowetsa ndege.

A Delbert anatsika. Anaizungulira kalavaniyo kamodzi, ndipo ndinaona kuti mtima ukuwawawa, munthu amene amadzudzula anzake pa kusiyana kwa chala chimodzi.

"Bwera nawo makiyi," anatero a Merle akupukuta mawondo. "Ndikuwongolere. Sindikukhululukira ayi, koma chinthu ichi chikundipweteka m'maso."

A Delbert anali atatambasula kale dzanja.

"Musaikhudze!" Mawu a a Ardith ndi ochepa masiku ano, koma tonse tinamva. Anandipatsa foni yawo, poti manja awo sangagwire bwino. "Jambula, Lavonne. Ubwerere m'mbuyo, mtengo uoneke, bini ionekenso. Utumize kwa Colleen."

"Chonchi?" anafunsa a Delbert. "Ardith, mwana aone manyazi amenewa?"

"Ikawongoka anena kuti ndalowetsa ndine, kapena Lavonne. Mwana wathu si chitsiru. Yokhota chonchiyi, adziwa kuti ndi bambo ake."

Ndinajambula, n'kutumiza. Tinabwerera m'chisakasa tonse tili chinyowere, palibe wofuna kupita kukasintha. Matalala anayamba kugwa, ang'onoang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba a Delbert sanatiuze kuti ndi matalala. Anangokhala pabenchi pambali pa akazi awo, maso ali pafoni imene inali patebulo.

Inalira. A Ardith anandikankhira kuti ndiwerenge ine.

"Akuti, 'Amenewo ndi Adadi, palibe wina angathe zimenezo. Bini mulipire. Mwezi wamawa mukupita kuti?'"

Anthu anakuwa, a Merle anamenya tebulo mpaka khofi kutayika. Manja a a Delbert anali patebulopo, ndipo a Ardith anawaphimba ndi awo.

"Mawa madzi akaphwa uitulutse," anatero a Ardith, "uilowetsenso. Ndikufuna udziwe ndikadali ndi mawu okukalipira."