Tsiku Lomwe Ndinagwira Apongozi Manja

Mpira ndinaukondera kwathu ku Dedza, pa wailesi ya bambo anga. Analibe mwana wamwamuna, ndiye anangotenga ine kukhala mnzawo wokuwa naye. Pomwe boma linkanditumiza kukaphunzitsa ku Chiweta, n'kuti ndikudziwa osewera onse a timu ya dziko lathu, ndi mwendo womwe aliyense amamenyera.

Ku Chiwetako ndinakwatiwa ndi mphunzitsi mnzanga wa ku Khondowe. Kwawo sanakondwe kwenikweni. Azakhali ake anachita kunena ine ndikumva kuti akazi a chigawo chapakati sadziwa mwambo, amaseka ndi apongozi ngati anzawo a ku sukulu. Zinandiwawa, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti pakhomo pamenepo sadzandipeza ndi chifukwa. Mwambo wake unali wouma. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sakhala pamodzi ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sawagwira dzanja. Ngati pali mawu, amadzera kwa apongozi aakazi. Kwa miyezi isanu tinkakwera phiri kupita kwawo ku Khondoweko pafupifupi Loweruka lililonse, ine n'kumagwada patali mpaka maondo kuda, osadziwa ngati andilandira kapena akungondipirira.

Chaka chimenecho timu yathu inatsala ndi masewero amodzi kuti ilowe m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa mayiko a kumwera kuno kwa Africa. Otitsekera njira anali a Zambia, anansi athu omwe anazolowera kutiliza. Sabata yonse ndinaphunzitsa masamu mtima uli ku bwalo.

Apongozi anga aamuna anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, munthu womanga tayi ngakhale popatsa nkhuku madeya. Mpira ankaukonda, koma mwaulemu, ngati akumvera ulaliki. Amuna anga ndiwo ankakhala nawo pa wailesi. Koma tsiku la mpiralo amuna angawo anatsikira ku Chitimba m'mawa kukagula nsomba, ndipo galimoto ya matola yomwe anakwera pobwerera inafera m'makona a msewu wokwera phirilo. Mpira unayamba pakhomo tili atatu: madala pakhonde ndi wailesi yawo, apongozi aakazi, ndi ine kuseri kwa nyumba ndikusenda chinangwa, khutu lili tcheru.

Chigawo choyamba anaulutsa m'Chingerezi, ndipo chinatha popanda chigoli. Chachiwiri anatenga woulutsa wa Chichewa, mkulu wina wolankhula ngati chimanga chikuthetheka m'chiwaya. Wailesi nayo inayamba kukhosomola. Madala aja makutu anali atayamba kale kuwavuta, ndipo Chichewa chawo chinali cha m'buku, chofatsa.

“Amama, wakuti vichi uyu?” ndinawamva akufunsa akazi awo m'chiyankhulo cha kwawo, kuti woulutsayo akuti chiyani. “Akuthamanga chomene. Fumbani mkamwana.”

Apongozi aakazi anadzaima pangodya ya nyumba. Mayi abwino, koma mpira sankaudziwa ngakhale pang'ono.

“Amama, auzeni kuti a Zambia anapeza kona, wina wamenya ndi mutu, koma goloboyi wathu wadumpha n'kuupherera,” ndinatero.

Anatembenuka n'kunena, “Akuti zinthu zili bwino.”

“Bwino uli? Mpira uli kwa njani?” anafunsa madala, kufuna kudziwa yemwe ali ndi mpira.

Pomwe funso linkandipeza, mpira unali utadutsa miyendo isanu ndi umodzi. Ndinkayankha, iwo n'kudula mawu anga onse kusiya awiri. Ndinapsa mtima, sindinama. Nkhani yokoma chonchija kumafika kwa mwini wake ili mbuu, yopanda mchere! Ndinasendeza beseni langa kufika pangodya. Patapita kanthawi ndinapezeka ndili m'mphepete mwa khonde, nditagwada chofulatira, ndikulankhula mokweza ngati ndikuuza amama, pomwe tonse tinkadziwa yemwe akumvetsera. Ndikati “tautenga”, ndinkamva mpando wa madala ukulira. Ndikati “tautaya”, ankatsonya, mkulu wa mpingo wathunthu.

Kutatsala mphindi zochepa, mnyamata wathu wa kumanzere analanda mpira pakati pa bwalo. Woulutsa anakweza mawu. Wadutsa mmodzi, wadutsa wachiwiri, waukweza m'mwamba. Mpeni unagwa m'manja mwanga. Kenako woulutsa uja anangokuwa kukuwa kosatha, kopanda mawu.

Beseni sindikumbuka kuti ndinalikankha liti. Chomwe ndikukumbuka n'chakuti ndinali pakhonde, nditawagwira apongozi manja onse awiri, ndikudumpha, ndikuwakuwira kumaso: “Chalowa, adada! Chalowa!” Ndinawagwiranso m'mapewa n'kuwagwedeza monga ndinkachitira ndi bambo anga.

Nzeru zinabwerera nditaona zala zanga zoyera ndi chinangwa zitadinda pajekete lawo lakuda. Amama anali atagwira pakamwa. Ndipo pabwalo, pakati pa anthu omwe anathamangira phokosolo, panali azakhali aja.

“Tinanena ife,” anatero, osakweza n'komwe mawu.

Ndinathawira kukhitchini. Mphindi zotsalazo ndinazimvera kumeneko, ndipo wenzulo yomaliza italira Khondowe yense anaphulika. Ana a sukulu ankaimba mumsewu, wina ankamenya chigubu. Ine ndinkalira. Ndinali wokondwa, komanso ndinkadziwa kuti maondo anga a miyezi isanu ndawagulitsa ndi chigoli chimodzi. Ndinayamba kuganiza zomwe ndikawauze amuna anga akafika ndi nsomba zawozo.

Amama analowa. “Akukuitanani,” anatero.

Ndinatuluka n'kukagwada patali, pamalo anga akale, maso pansi. Anthu anali asanabalalike, azakhali atakhala pamphasa kudikira mlandu. Ndinaba kuyang'ana kamodzi. Zala zanga zinali zikadali pajekete, sanazisase.

Madala anakonza kukhosi. “Amama, mumuuze mkamwana kuti...”

Anaima. Anayang'ana akazi awo kanthawi, n'kupukusa mutu.

“Yayi, imwe mumachedwetsa mpira.”

Ndinamva mpando ukukwekwesa simenti. Anautembenuzira kwa ine.

“Mwana wane, wagoletsa ndi njani? Fotokozani bwino kuyambira pomwe analanda mpira. Ine ndangomva phokoso.”

Kanali koyamba kundilankhula. Kenako ndinawafotokozera, kuyambira pakati pa bwalo mpaka mu ukonde, ndi mwendo womwe mnyamatayo anakwezera mpira. Anamvetsera ngati ali m'tchalitchi. Nditamaliza anati, “Yewo chomene,” n'kuwonjezera kuti tsiku la ndime yotsiriza chinangwa asende ena.

Ndime yotsirizayo tinagonja. Zigoli zonse ndinawauza ndekha, nditakhala pampando womwe iwo anachita kundinyamulira kuchokera m'nyumba.