Chaka Chimene Nkhunda Zinathawa

Phale lija ndimalikumbukabe. Linali tako la mphika wa amayi umene unasweka, lakuda bii ndi mwaye, ndipo ndinkaliika pansi pa khola kuti nkhunda zanga zizimweramo.

Kunena zoona, nkhundazo sindinazifune ine. Ndinkafuna galu, ngati anzanga a ku Nsaru amene ankapita nawo agalu awo kokumba mbewa. Amalume, eni mbumba pamudzi pathu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati munthu wolephera kukhutitsa mimba yake sangasunge galu, poti galu amadya m'mbale ya mbuye wake. Patapita masiku anabwera ndi kadengu kophimba ndi chiguduli, muli nkhunda yaimuna ndi yaikazi.

"Izi ndiye saizi yako," anatero. "Madzi, timisere, ndi bata. Nkhunda sizikhala pakhomo pa phokoso."

Za madzi ndi misere ndinazigwira. Za bata ndinaziponya ku nkhongo, chifukwa pakhomo pathu waphokoso ndinali ine ndekha.

Ndinazisamala, ndipo apa sindikudzitama. M'mawa ndisanatenge sileti ndinkatsuka phale ndi mchenga, n'kuthiramo madzi ozizira mpaka zala kuuma. Aphunzitsi anandikwapulapo chifukwa chofika mochedwa, chitosi chili pa phewa. Zitaswa maunda, tinthu tonyansa topanda nthenga, amayi ankandiseka kuti ndiwo zapezeka, ine n'kulira ngati andimenya. Pofika nthawi yokolola, khola linali litadzaza.

Chaka chimenecho fodya wa abambo anachita bwino. Bwalo lonse linkanunkha utsi wa m'chigafa, ngakhale zofunda zathu. Abambo anali mkamwini, kwawo kunali ku Nambuma, ndipo atagulitsa fodyayo anati atopa kulima munda wa eni ake. Ankafuna kutenga amayi ndi ana tonse kupita kwawo. Amalume anakanitsitsa kuti mbumba yawo sichoka pamudzi. Amayi anatsala pakati, uku mlongo, uku mwamuna. Lero ndine nkhalamba, nkhaniyi ndaitembenuza mbali zonse, koma wolakwa sindinamupezebe.

Phokoso linayamba m'nyumba, kenako linatulukira pabwalo. Mawu a abambo akangokwera, nkhunda zinkati phaa, kukatera pa denga la nkhokwe. Kenako zinayamba kutera patali, mu mkuyu wa kudambo. Kenako zina sizinabwerenso. Ndinamva kuti zikugona m'khola la anthu ena kutsidya.

Palibe chimene sindinayese. Mnzanga wina anati ndithire mchere m'madzi, ndinathira. Ndinkaba mtedza m'nkhokwe n'kuusinja pamwala. Aphunzitsi nditawafunsa anati zaphokosozo n'zikhulupiriro chabe, ndikayang'ane khoswe kapena njoka. Ndinakwera m'khola, ndinasesa, ndinawaza phulusa, koma khoswe sindinamuone. Madzulo ndinkaima pabwalo misere ili m'manja, kuitana mpaka khosi kuwawa, ndipo zobwera zinkachepera chepera. Ndinkamva chisoni chosadziwa pochitula.

Tsiku lina masana, makolo anga ali pakati pokangana pafupi ndi chigafa, ndinalimba mtima n'kugwada pakati pawo.

"Chonde musamakweze mawu," ndinatero. "Nkhunda zanga zikuthawa."

Abambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'chigafa ngakhale munalibenso fodya. Amayi anadziphimba kumaso ndi nsonga ya nsalu. Ine ndinadzuka n'kusasa fumbi m'maondo, ndikuganiza kuti ndakonza zinthu.

Posakhalitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri anasonkhana, ife ana n'kutithamangitsira kudambo. M'mawa mwake abambo anamangirira mphasa, khasu ndi nkhwangwa pa njinga. Anandigwira pamutu, dzanja lawo likununkhabe fodya, nati, "Uziziwazirabe misere, zidzabwera." Ndinaganiza kuti akukangozonda abale ku Nambuma monga ankachitira.

Pakhomo panati zii. Amayi ankayankhula ngati munthu wodwala, amalume nawonso anasiya kubwera pafupipafupi. Mvula isanagwe, m'mawa wina ndinamva kulira kuja kwa pansi pa khosi. Nkhunda zanga zinali pa denga la khola, zikuyendayenda ngati sizinachokepo.

Ndinathamangira kwa amayi, amene ankapeta mphale kuseri kwa nyumba. "Amayi, zabwera! Amalume ananena zoona, eti? Pano palibenso phokoso."

Lichero linaima m'manja mwawo. Sanadzutse mutu. Anangoti, "Kazipatse madzi."

Ndinadzaza phale lija ndikuimba. Chimene chinkandivuta mumtima tsiku lonselo chinali chimodzi chokha: nditume ndani ku Nambuma kuti akawauze abambo abwere msanga, adzaone kuti pakhomo pathu zinthu zakhalanso bwino.