Zipsera zinayi za Mama Eliya

Mama Eliya ankagulitsa mtori, msuzi wa nthochi ndi nyama, pafupi ndi siteji ya basi ku Moshi. Ine ndakhala ndikukazinga chapati pambali pawo zaka khumi ndi ziwiri, ndiye izi si zongomva.

Anali ndi nthenda ya khungu imene madokotala amati soriyasisi. Mikono, zigongono, m'mutu, monsemo munali mamba otuwa, oyoyoka ngati gaga. Siyopatsirana, koma kamuuzeni kondakitala wanjala zimenezo. "Mama, mwathiramo kale kamchere kanu kaja?" ankatero anyamatawo, n'kupita kukadya kwina. Masiku ambiri poto ankabwerera kunyumba ali theka.

Chaka china kunabwera anthu a kafukufuku woyesa jakisoni watsopano wa nthendayi. Namwino wawo, Sista Aikande, anali mayi wolankhula mokoma moti ukanamupatsa makiyi a nyumba yako. Anafotokoza kuti khungu la Mama Eliya likubereka maselo mothamanga, akale asanafe bwinobwino atsopano afika kale, ndiye amaunjikana. Jakisoni watsopanoyo amaziziritsa chitetezo cha m'thupi chimene chimayambitsa liwirolo. Akafukufukuwo ankafuna kumadula kachidutswa ka khungu nthawi ndi nthawi kuti aone mmene maselowo akufera.

"Dulani, bola afe mwadongosolo," anatero Mama Eliya, n'kusaina pepala lawo.

Patatha miyezi itatu mikono inayera. Anagula bulauzi ya manja aafupi, yofiira, yochita kulasa m'maso. Makondakitala omwe aja anayamba kulimbirana benchi, poto n'kumatha isanakwane folo koloko. Tsiku lililonse la jakisoni ankanyamula mtori wotentha kukapatsa Sista, ndipo Sista ankadya mpaka kupukuta mbale ndi chala. Anawadula katatu pamkono, iwo osadandaula.

Chaka chitatha anawauza kuti kafukufuku watha, jakisoninso watha. Akuti zinalembedwa papepala lija, tsamba lachisanu ndi chinayi. Mwina zinalembedwadi. Koma munthu wadya msuzi wako chaka chathunthu, pakamwa pake osatulukapo liwu limodzi lokuchenjeza? Ine zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Mamba anabwerera, kuyambira m'zigongono. Benchi inayambanso kukhala yokha.

Tsiku lina masana foni inalira, ndipo ndinamva zonse chifukwa foni yawo ndi yaphokoso.

"Mama Eliya, ndine Aikande. Khungu likuti bwanji?"

"Labwerera, Sista. Kuposa kale."

"Ndiye mwatithandiza! Bwerani mawa m'mawa."

Anatseka poto nthawi yomweyo. "Dada, mchemwali wanga, andikumbukira," anandiuza. M'mawa mwake anaphika mtori wapadera, wa nyama ya mnofu wokhawokha, n'kukwera daladala, minibasi ya kuno, akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Anabwerako masana atamatidwa pulasitala pamkono. Anakhala pabenchi.

"Akubayani?" ndinafunsa.

"Andidula. Amafuna aone mmene maselo amachitira nthenda ikabwerera. Akuti kachidutswa ka khungu langa kawathandiza kwambiri."

"Nanga jakisoni?"

Anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola, omwe timagula pagolosale aja, n'kukaika patebulo langa pafupi ndi ufa.

"Mtori uja Sista walandira," anatero. "Wati wakoma."

Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa munthu amene angafune benchi ndi poto wamkulu.