Dzira lomwe ndinasungira atcheya

Ndili Sitandade 2, mayi ankati ndinalakwitsa kubadwa munthu. Ndinkacheza ndi mbuzi, nkhupakupa za agalu a eni ndinkachotsa ndine, ndipo tsiku lopha nkhuku pakhomo ndiwo sindinkazikhudza. Ndiye aphunzitsi athu atanena kuti akufuna thadzi loti lifungatire mazira m'kalasi, tione mmene anapiye amaswera, ndinawalirira mayi mpaka anandibwereka thadzi lawo lamawangamawanga.

Sukulu yathu inali cha ku Thuchila, ya udzu. Tinaika dengu pakona, kuseri kwa bolodi, ndipo mwana aliyense amene kwawo kunali nkhuku anabweretsa dzira. Kwathu dzira loikira nkhuku timalilemba ndi khala kuti lisasokonezeke ndi latsopano. Anzanga ankangokhwatcha basi. Ine pa langa, lomwe linali lalikulu kuposa onse, ndinajambula kaphazi ka nkhuku.

M'mawa wina aphunzitsi anandiika dziralo pakhutu. Mayo ine! M'katimo munali kamoyo, kakuti psiye, psiye. Masamu a tsiku limenelo sindinamvepo kanthu.

Masana ake kunabwera tcheyamani wa chipani m'dera lathu, bambo wa jekete lakuda limene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankatolera mphatso za alendo akuluakulu a msonkhano. Masiku amenewo mphatso sinkakanidwa, wokana ankakafotokoza kwina.

Aphunzitsi anagwada. "Pepani atcheya, mazirawa ndi ofungatira. Aswa mawa kapena mkuja."

"Mayi, mukukaniza mphatso?"

Mkulu uja ananyambita chala n'kuyamba kufufuta makala athu ndi malovu, dzira limodzilimodzi, ife tikuona. Pamenepo mpamene ndinamuda, ndipo ndimamudabe ngakhale anafa kalekale. Mazira aang'onoang'ono ankaika m'dengu la mphatso, koma ooneka bwino ankalowetsa m'thumba la m'kati la jekete. Akulimbana ndi kumanga thadzi miyendo ndi luzi, ndinatola dzira langa, lomwe anali asanalifikire, n'kulibisa m'khwapa.

Kunyumba kunalibe nkhuku ina yofungatira. Ndinalikulunga m'kansanza, ndinaliyandikiza kumoto, ndinaliuzira mpweya, ndinalipempherera. Kulira kuja kunkangocheperachepera. Kutacha ndinaliika pakhutu, osamva kalikonse.

Bambo anandipeza ndikulira akupita ku esiteti kukathyola tiyi. "Taya chimenecho, utsekenso pakamwa. Ukufuna ndikagone kundende chifukwa cha dzira?"

Kutaya? Ine? Ndinaliika m'chitini cha gaga n'kuchisomeka kudenga la khitchini, kumene kumafika utsi ndi kutentha. Nthawi zina ndinkakwera pamtondo n'kulisuzumira. Mumtima ndinkati, dikira mwanawe, mwini wako abwera.

Mvula itatha kunamvekanso za msonkhano, ndipo m'mawa wa tsikulo atcheya anayenda khomo ndi khomo. Mayi akupepesa kuti nkhuku zathu zaleka kuikira, ine ndinathamangira kukhitchini. Ndinatsitsa dziralo pang'onopang'ono ngati khanda, ndinafufuta ndekha kaphazi kaja, ndinalipaka timafuta kuti liwale. Kenako ndinakagwada, manja awiri.

"Atcheya, landirani."

"Eee, mwana waulemu uyu! Mayi, mwalera." Analiyang'ana kukula kwake, ndipo monga ndinkadziwira, silinapite m'dengu ayi.

Masana ana asukulu anatindandalitsa pabwalo, dzuwa lili ng'aa. Alendo anakhala pamipando kutsogolo, amayi akuvina. Atcheya anaimirira kuti ayambitse mfuu ya chipani. Anali ndi chizolowezi chodziguguda pachifuwa akafika potchula kukhulupirika kwake. Ndinkangoyang'ana dzanja limenelo. Linakwera, linatsika.

Phuu!

Abale inu, fungo limenelo! Mlendo wamkulu anadzuka ndi mpando womwe. Amayi ovina anabalalika atagwira zitenje pamphuno, woimba ng'oma anasiya ng'oma n'kukalavula kuseri. Kuseka kunali koopsa, ndiye anthu ankangotsokomola. Ine ndinaseka poyera, mano onse pamtunda, mpaka aphunzitsi ananditsina pakhosi.

Mlendo uja anafunsa mokweza, mphuno ataitseka: "Kodi atcheya, mazira a mphatso akutani m'jekete mwanu?"

Atcheya akanati wandipatsa ndi mwana wa uje, akanavomera yekha kuti mphatso amaika m'thumba. Anandiona ndithu pamzere paja, ndipo ine sindinaphethire. Pasanathe mwezi utcheya anamulanda, ndipo kumsika ana ankati akamuona n'kugwira mphuno.

Kutchalitchi amatiphunzitsa kukhululuka, ndipo ambiri ndawakhululukira, ena ondilakwira zazikulu kuposa dzira. Koma uyu ayi. Thadzi la mayi silinabwerere, ndipo aphunzitsi sanayerekezenso kuika dengu m'kalasi.

Chimene anthu a kwathu amakumbukira ndi fungo. Ine ndimakumbukira china. Mkulu uja atapisa m'thumba kuti adzipukute, mpango unatuluka ndi zikamba za dzira, tinthenga tonyowa, ndi kaphazi kakang'ono kopindika. Kanali ndendende kamene ndinajambula ndi khala kaja. Mwanapiye wanga ndinamuona tsiku limenelo lokha, ndipo kuseka kwanga kunathera pomwepo.