Tsiku lomwe ndinathamanga bati ili m'manja

Ndikukumbukira Lachisanu lina m'mawa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, sitima ya Metro isanabwere ku Dubai. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kunabwera kochi wa masewera a besibo wa koleji ina ya ku Amereka, yemwe ankazungulira maiko a kuno kufuna anyamata oti akawasule kwawoko pa tchuthi. Adadi, omwe anali injiniya kudoko la Jebel Ali, anali atagamula kale kuti ndikapanda kusankhidwa, khalas, nkhani yatha, ndipita kwathu ku Malawi kusukulu yogonera komweko. Ndinkaopa zedi.

Vuto langa linali lakuti ndinakulira masewera a kiriketi. Ku Deira, dera lomwe tinkakhala, ine ndi anzanga a ku Pakistan tinkasewera paliponse pamene magalimoto asiya mpata, fungo la zokometsera zakudya za m'mashopu likutilowa m'mphuno. Mu kiriketi ukamenya mpira umathamanga ndi bati, ndodo yomenyera ija. Mu besibo umaiponya pansi. Kochi wathu wa kusukulu anali atandikalipira za zimenezi mpaka mawu kusasa.

Tsikulo dzuwa linawotcha msanga, fumbi likukanirira m'mano. Mlendo uja anaima pambali ndi kawotchi kake koyezera liwiro m'manja. Mpira wachiwiri ndinauphula bwinobwino, ndiyeno liwiro. Nditafika pa besi yoyamba, malo oyamba oimapo wothamanga, ndinamva bwalo lonse likuseka. Kuyang'ana kudzanja, bati ndaigwira zolimba ngati ndikupita nayo kumunda. Adadi anali ataphimba nkhope ndi nyuzipepala, ndipo ine m'maganizo ndinali nditayamba kale kulongedza sutikesi.

Masewera atatha mlendoyo anatiitana ine ndi adadi. Anandifunsa komwe ndinaphunzira zimenezo, ndipo nditamuuza za kiriketi anaseka mpaka kuvula chipewa. Kenako anawaonetsa adadi kawotchi kaja, n'kunena kuti palibe mnyamata anathamanga kuposa ine, ngakhale ndinali ndi katundu. Kutaya bati, anatero, angandiphunzitse tsiku limodzi, koma miyendo yotereyi sangaipange. Dzina langa analilemba. Mtima unakhala pansi.

Tikuwoloka pa abra, bwato lowolotsa anthu pa mtsinje wa Creek, adadi ananditembenukira. Kenako anati, "Mwana iwe, ukapita kumeneko usakatichititse manyazi. Ndodo za eni ake uzisiya."

Ku Amereka ndinapitadi, ndipo patapita zaka ziwiri koleji yomweyo inanditenga. Masiku ano makochi sayendayendanso ngati kale. Mwana wanga amajambula masewera ake pa foni, n'kudula paliponse pamene walakwitsa, ndiye n'kutumiza kwa makochi zosalala zokhazokha. Sindimuletsa. Koma ndikamuona akudula choncho ndimadziwa kuti ine, ndikanakhala ndi foni nthawi imeneyo, ndikanadula liwiro lomwe lija.