Nkhope ya Aleck

Anzanga, ambiri mwakhala mukufunsa chifukwa chake ndinangoti zii chichitikireni maliro a mkazi wanga. Lero ndinene.

Loweruka lomaliza asanamwalire, ine ndi mkazi wangayo, Luwiza, tinakwera minibasi pa Kamwendo kupita ku boma kukaona malaputopu. Yake yakale, imene anamupatsa ku ofesi ya ku boda komwe ankagwira ntchito, inali itatopa. Sikirini inali mizere yokhayokha, ndipo ikatentha inkazima yokha.

Ankaifunira chinthu chimodzi basi: gemu ina yopanga anthu. Umawapatsa mayina, kuwamangira nyumba, kuwapezera ntchito, kuwakwatitsa. Lamulungu tikachokera kutchalitchi ankakhala nayo pakhonde, akuseka yekha.

M'gemumo munali mkazi wofanana naye, ndipo ankakhala ndi mwamuna dzina lake Aleck. Dzinalo ndinaliona tsiku lina ndikudutsa kumbuyo kwake, koma nkhope sinkaoneka bwino chifukwa cha mizere ija. Ine ndine Zakeyu. Kwathu kulibe Aleck, kwawonso kulibe.

Sindinafunse. Ngakhale pomwe tinakumana m'kwaya ku Ludzi, anayamba kundilankhula ndi iyeyo. Zaka zisanu ndi zinayi za banja sizinandisinthe.

Titafika pashopu, mwini wake, Lovemore, anamulandira ngati m'bale.

"Asisi, Aleck ali bwanji?"

"Amukweza pantchito," anatero Luwiza, onse awiri n'kuseka.

Ine ndinaima pakhomo. Munthu wa pashopu akumudziwa Aleck, ine mwamuna wake ayi. Pobwerera Luwiza anandigulira chimanga chootcha. Ndinadya ndikuyang'ana kumbali.

Lachiwiri anagwa ali kuntchito. Inali BP. Pofika kuchipatala anali atatisiya.

Ndikuchita manyazi kunena izi, anzanga. Pamaliro ndinkayang'ana nkhope za amuna a ku boda, madalaivala a mathiraki ndi osintha ndalama, ndikutchera khutu ngati wina amuitana mnzake kuti Aleck.

Patatha mwezi, a Consolata, akulu ake a Luwiza, anaimba foni kuti Lamulungu abale abwera kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Laputopu inali yopita kwa mwana wawo wamkazi wa ku koleji, ndipo anati akafufutamo zonse. Ndinayesa kutsegula gemu ija kuti ndione ndisanapereke. Inazima katatu.

Lachisanu ndinabwerera kwa Lovemore, laputopu ili m'chikwama. Ndinamuuza kuti ndikufuna ina imene ingathe gemuyo, ndipo zonse za m'katimo zisamuke.

Anandionetsa ziwiri. Ina yopyapyala, yonyezimira. Ina yochindikala, yolemera, yokalikakalika pakona. Iye anati nditenge yolemerayo. Anati gemu imeneyi ndi yadyera, imafuna RAM yambiri ndi kachipangizo kakekake ka zithunzi, ndipo yopyapyalayo ndi yolembera makalata basi.

Ndinaganiza kuti akufuna kundikankhira katundu wosagulika. Ndinafunsa ngati si yobedwa, poti zambiri zimadutsa pa bodapa. Anatulutsa mapepala ake. Ndinafunsa za batire. Anaichotsa pamagetsi kuti ndidzionere ndekha. Kenako anaitembenuza. Kunsi kunali kapepala komata kolembedwa kuti Luwiza, m'kalembedwe kake komwe.

"Anasankha okha imeneyi, achimwene. Amati adzatenga kumapeto kwa mwezi."

Ndinaitenga. Anati ndisiye yakaleyo ndidzabwere mawa. Ndinakana. Ndinkaopa kuti afufuta chimene ndabwerera. Ndinakhala pabenchi maola atatu, maso ali pa manja ake.

Atamaliza anatsegula gemu n'kunditembenuzira sikirini. Zithunzi zinali zowala ngati pa TV. Ndinaona nyumba ya khomo lobiriwira ngati lathu, njinga itatsamira khoma. Kukhitchini mkazi uja ankaphika, mwamunayo ali pambali pake akulankhula, akuponya manja, osapumira.

Ndinati ayandikitse nkhope.

Mwamunayo anali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere, pomwe pali changa chimene ndinavulala ndi waya wa mabelo a fodya ku esiteti. Makutu otambalala. Ngakhale kaimidwe kowerama pang'ono.

"Simunadziwe?" anafunsa Lovemore. "Anavutika nacho masiku awiri chipseracho, mpaka anabwera kudzandifunsa kaikidwe kake. Amati uyu ndi bambo akunyumba, kungoti uyu amacheza."

Ndinafunsa za dzinalo. Anati Luwiza ankaopa kuti ndikaona dzina langa pa kachidole kovina, ndiona ngati akundiseka.

Sindinalire pashopupo. Ndinangopempha kuti andiphunzitse kusunga gemu ndisanazimitse. Anandibwerezera kanayi, osatopa, munthu amene ndinamuyesa wakuba m'mawa womwewo.

Anzanga, funso loti "Aleck ndi ndani?" linali la mawu atatu okha. Ndikanafunsa pakhonde paja akanaseka, mwina akanandisunthira mpando kuti ndikhale naye. M'malo mwake Loweruka lathu lomaliza ndinalithera pomukayikira. Ngati pali chikukudyani mumtima za amene mumagona naye nyumba imodzi, funsani akadali pafupi.

Lamulungu abale anabwera. Zitenje ndi madiresi ndinapinda ndekha, chimodzichimodzi. Nsapato, mapoto a paukwati, buku lake la nyimbo, zonse ndinaika pamphasa. Laputopu yakale ndinaipereka m'manja mwa a Consolata pamodzi ndi tchaja.

"Alamu, simutsalako n'kanthu?"

Ndinati ayi, atenge zonse. Ndinawanyamulira zikwama mpaka pamseu, n'kudikira kufikira minibasi itanyamuka.